Nkhodolero ya a Mang'anda

Ku Ngabu dzuwa silidikira masana.
Pofika naini koloko malata a ofesi ya kopaletivi akulira kale,
ine ndakhala pansi pa fani yakufa,
laputopu pa ntchafu, thukuta likutsikira m'khosi,
ndikumanga tsamba loti alimi azilembetsapo ziweto zawo.

Dzulo zonse zinayenda.
Analowa a Zuze, analowa a Fulukiya ndi mbuzi zawo zisanu ndi ziwiri.
Lero kwabwera a Mang'anda ochokera kwa Dolo,
khadi lawo lili m'kapepala ka shuga,
ndipo poyesa ndalemba monga ndilembera masiku onse:

mwini = 'Mang'anda';

Tsamba layera mbee.
Pansi pake timawu tofiira, taukali
ngati mlonda wa pa geti la mzimbe ku Nchalo.

Makinawa sadziwa Chimang'anja.
Aona nkhodolero yoyamba, ati khola latseguka.
Aona yachiwiri, ati latsekedwa, basi.
M'kati mwalowa Mang yekha.
Anda watsala panja, akuzungulirazungulira
ngati thole limene mayi ake akwezedwa lole ya ku Blantyre,
ndipo nkhodolero yachitatu yatsegula khola lina
lopanda wolitseka.

A Bizeki, alembi athu, asuzumira paphewa panga.
Chotsa kachizindikiroko mwana iwe, anthu ali pa mzere,
Manganda ndi Mang'anda ndi munthu yemweyo.
Ndati ayi bambo.
Chotsani nkhodolero pa ng'oma muone:
isanduka ngoma, imera nyanga zopotana,
ilumpha mpanda n'kulowa m'tchire la Lengwe.
Nanga pa utse mudzaomba chiyani?

A Mang'anda sanaseke.
Avula chipewa, achiyang'ana m'kati.
Chaka cha madzi chija, atero,
ku kampu anandilemba Manganda.
Pepala ndi khadi zinakana kugwirizana.
Ndinaima padzuwa kuyambira m'mawa,
thumba ndinabwerera nalo lopindapinda m'khwapa.

Palibe wayankha. Panja njinga yakabaza yaliza belu.

Ndiye ndafuna kamzere kaja,
kobisala pakona ya kiyibodi, kosagwidwagwidwa,
kotsamira chambuyo
ngati munthu wokoka chingwe cha nkhunzi yokana kuyenda,
ndakaika patsogolo pa nkhodolero yapakati:

mwini = 'Mang\'anda';

Ntchito yake ndi kunong'oneza basi:
uyu akubwera pambuyo pangayu si chitseko,
ndi wa m'dzina, msiyeni adutse.
Kakatero kamazimirira.
Pa tsamba simungakaone, woperekeza salembedwa m'kaundula.

Ndikanatha kuzinga dzinali ndi mitengero iwiriiwiri,
nkhodolero ikanakhala m'kati mwamtendere,
koma ndikudziwa mlimi wina wa ku Miseu Folo
amene nkhunzi yake amaitcha "Sindigona"
ndipo amafuna ilembedwe ndi mitengero yake yomwe.
Tsiku limenelo mpanda udzakhalanso chitseko,
kamzereka kadzafunikanso.
Ndipo kamzereko, ukafuna kaoneke ikoko,
umakalemba kawiri, \\,
poti woperekeza naye pobwerera amafuna womuperekeza.

Ndadina. Tsamba ladzuka.
Mang'anda, lathunthu, zilembo zakuda bii.
Mkuluyo wasendera, waika chala chosweka ndi khasu pagalasi,
osati pa M, osati pa a,
koma pa kachizindikiro kolendewera m'mwambamo,
wakasisita ngati akuchotsa nkhupakupa pakhutu la ng'ombe
ndipo sikanachoke.

Eya, ndi ineyo.

A Bizeki akodola wotsatira.
Dikirani, ndatero, sitinalembe chuma chawo.
Muli ndi chiyani bambo?
Zinayi, zazikazi zitatu, imodzi ili ndi bere.
Zala zanga zathamanga, zonyada, zonyowa ndi thukuta:

ziweto = 'ng'ombe';

Tsamba layera mbee.